Modemu mwatipatsayi 10 MHz ndiyozimitsa, musanamizire mvula

Inu akampani amene mumatipatsa intaneti ya pa satellite, ndalemba pano poyera chifukwa ku imelo kwanu kuli zii ngati kulibe anthu. Chisinthireni modemu ija siteshoni yathu sikutumiza kalikonse. Kulandira ikulandira bwinobwino, Rx (mbali yolandira) yachita lock, ndiye kuti yagwira siginolo, kanyali kake kali kobiriwira, koma Tx (mbali yotumiza) ndiye yafa, ndipo tikaimba foni yankho lake ndi lomwelomwelo, zimitsani muyatsenso, mwina ndi mvula, mwina dishi yasuntha. Mvula yake iti kunja kuli ngwee chonchi? Nanga dishi ikanasuntha bwenzi Rx ikuwerenga bwino mmene ikuwerengeramu?

Vuto ndikuliona ndi maso angawa. BUC ili pa dishipo, chipangizo chokweza frequency ndi mphamvu ya siginolo yopita ku satellite, ndi ija imadalira siginolo ya 10 MHz yochokera ku modemu kuti frequency yake ikhazikike, 10 MHz-yo imakwera mu chingwe chomwecho cha coax pamodzi ndi siginolo ya L-band (imene modemu ikufuna kutumiza) ndi magetsi a DC. Ikapanda kuilandira oscillator yake, kachipangizo kopanga frequency mkati mwa BUC, siichita lock ndiye BUC imadzitseka yokha osatulutsa kanthu, ndipo imachita bwino kutero, chifukwa itati itumize frequency yoyendayenda bwenzi tikusokoneza anzathu pa transponder, njira ya pa satellite imene timagawana. Ndalowa mu modemu ndi laputopu, pa status zalembedwa poyera, magetsi a BUC ali ON, 24V ilipo, koma 10 MHz ya ku Tx ili OFF. Pokonzera pake ndikupaona ndithu koma sipakudinika, pasiwedi ya admin munasunga nokha.

Sizokhazo ayi. Pa frequency reference, posankhira komwe modemu itengere frequency yoyendera, mwaika External, ndiye kuti izichokera kunja, pamene kuno tilibe wotchi ya GPS kapena chipangizo china chilichonse chopereka reference, doko lake kumbuyoko likadali ndi kachivindikiro kake ka pulasitiki kochokera nako ku fakitale, ndiye modemu ikungolira alamu kudikira chinthu choti kulibe. Imayenera kukhala pa Internal basi. Ndiye pali LO (local oscillator), frequency imene BUC imaphatikiza ku siginolo poikweza. Pa sitika ya BUC yathu palembedwa 13.05 GHz, ija imatenga 950 mpaka 1450 MHz nkukweza kufika 14.0 mpaka 14.5 GHz, koma mu config mwalemba 12.8 GHz ya mtundu wina wa BUC, wa extended Ku. Kusiyana kwake ndi 250 MHz yathunthu abale, ndiye ngakhale 10 MHz itayaka lero carrier yathu, siginolo imene timatumiza, ikagwera pamalo a eni ake. Zikuoneka kuti munangokopera fayilo ya siteshoni ina nkuponyamo osafunsa kuti padenga pathu pali chani.

Ku Ethernet nako mwakhoma 100 full duplex pamene rauta yathu ili pa auto, moti ma error akungochuluka pa doko, koma icho nchaching'ono, ndikonza mbali ya rauta.

Chikundiwawa kwambiri nchakuti mnyamata wanu wa pa foni akuti akonza ali komweko. Alowa bwanji mu modemu yoti sikuyankha ku hub, siteshoni yanu yaikulu? Ndamufotokozera zonsezi, mpaka ma screenshot ndatumiza, iye nkungoti tiketi yanu taipititsa kwa akuluakulu, kenako tiketi ija ndikuipeza yatsekedwa ati vuto latha. Latha kwa ndani? Anthu kuno ntchito yaima, akundiyang'ana ine ngati ndine ndaononga.

Sindikupempha zambiri. Nditumizireni config yolondola pa imelo ndi chilolezo choti ndiilowetse, kapena injiniya wa ku NOC, kumene mumayang'anira netiweki, andiimbire tisinthe limodzi, reference ipite pa Internal, 10 MHz ya Tx iyake, LO ikhale 13.05. Tx sindiyatsa ndekha popanda inu, ndikudziwa kuti pamafunika line-up, kuyesa Tx limodzi ndi inu, tione cross-pol (ngati siginolo ikutayikira ku polarization inayo) ndi mphamvu yake BUC isapanikizike. Ndipo masiku onse takhala opanda netiwekiwa muwachotse pa bilu, musayerekeze kutitumizira yathunthu. Yankhani pompano, nambala ya tiketi ndakuponyerani ku inbox.