Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: khansa ya amayi ikabwereranso

Amayi anzanga, ndi inu abambo amene timasamalira limodzi odwala,

Zikomo pondituma ku msonkhano wa odwala, magadiyani ndi anamwino ku Lilongwe, komanso posonkha ya thiransipoti. Za kuyezetsa khomo la chiberekero ndi za katemera wa HPV (kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero), amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko muno mu 2019, zinakambidwa ndithu, koma izo mukuzidziwa kale. Ndikhazikika pa nkhani imene gulu lathu limaizemba: mayi wachitidwa opaleshoni, tamuvinira kuti wachira, kenaka matenda aja atulukiranso.

Adokotala anafotokoza kuti khansa ya khomo la chiberekero ikamabwerera, kawirikawiri imabwera m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira chithandizo chitatha. N'chifukwa chake masiku obwerera kuchipatala amakhala pafupipafupi pa nthawi imeneyi, ndipo sitiyenera kuwadumpha ngakhale m'thupi mukumveka bwino. Kutaya magazi kapena madzi onunkha, kuwawa kwa chinena ndi msana kosatha, kutupa mwendo umodzi, kuvutika pokodza, kuwonda kapena chifuwa chosamva mankhwala, zimenezi osadikira nazo tsiku lolembedwa m'buku. Anatsindikanso kuti matendawa sabwerera chifukwa choti mayi analakwitsa penapake kapena analodzedwa. Tizigawo tochepa ta khansa timatha kutsala tosaoneka, n'kudzakula pambuyo pake.

Chithandizo chachiwiri chimatengera chimene munthu analandira poyamba ndi pamene matenda afika. Amene anangochitidwa opaleshoni, khansa n'kubwerera m'chiuno momwemo, angathe kuwotchedwa ndi makina a radiotherapy (kuwala kwamphamvu kopha khansa) pamodzi ndi kemo (mankhwala olimbana ndi khansa), ndipo ena amachira. Amene anawotchedwa kale, malo omwewo savomera kuwotchedwanso mokwanira, choncho madokotala amaganizira kemo ya m'dripi monga carboplatin ndi paclitaxel, pakatha milungu itatu iliyonse. Kale radiotherapy inkafuna ulendo wa kunja. Tsopano makinawo alipo ku National Cancer Centre, pa Kamuzu Central Hospital.

Apa m'pamene ndikufuna timvetsetsane. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa adokotala molunjika ngati cholinga cha mankhwala ndi kuchiza kapena kuchedwetsa matenda ndi kuchepetsa ululu. Ife timakonda kubisa, gadiyani akuitanidwa pambali, mwini thupi watsala pabenchi. Ine sindikugwirizana nazo. Mayi wodziwa zoona amasankha yekha zoti apitirize kemo kapena ayi, ndipo amalongosola za ana ake akadali ndi mphamvu.

Mayi wina wachikulire anaimirira atamanga duku, tsitsi litathothoka kachiwiri, m'manja muli mabuku ake a kuchipatala omangidwa pamodzi ndi labala. Zala zake zinachita dzanzi ndi mankhwala moti anapempha woyandikana naye kuti amumasulire. Anatiuza kuti ulendo woyamba nyumba yake inkadzaza ndi ozonda, koma matenda atabwerera anthu anatopa, ena n'kumanong'ona kuti za kuchipatala zakanika, apite kwa asing'anga. Chimene chinkamuwawa kwambiri, akuti, chinali fungo, chifukwa ngakhale adzukulu anasiya kulowa kuchipinda kwake. M'holo monse munangoti zii.

Anamwino a chisamaliro chochepetsa ululu, chimene chimaperekedwa m'malo ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi Ndi Moyo ku Salima, anayankha mwatsatanetsatane. Fungo lili ndi mankhwala ake, metronidazole amathandiza akaperekedwa ndi achipatala. Morphine wamadzi, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, si chizindikiro choti munthu watsala pang'ono kutisiya; amamwedwa pa maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu uyambe, ndipo popeza amamanga m'mimba pamafunika mankhwala ofewetsa chimbudzi. Amene ali pa kemo akatentha thupi, athamangire kuchipatala usiku womwewo, asangomwa Panado n'kugona, chifukwa chitetezo chimakhala chatsika. Amene amamwa ma ARV asasiye. Ndipo mankhwala azitsamba alionse, adokotala auzidwe.

Pempho langa ku gulu ndi ili. Mayi aliyense amene matenda amubwerera akhale ndi anzake awiri omusinthanasinthana, wina womuperekeza kuchipatala n'kumalemba zimene adokotala anena, poti munthu akangomva kuti yabwerera makutu amatsekeka. Ku banki m'khonde tipatule kathumba ka thiransipoti, sopo ndi nsalu zosinthira, pakuti ambiri amadukiza kemo chifukwa chosowa ya minibasi. Amuna awo tiwaitanenso, nawo ali ndi mafunso a m'banja amene amachita nawo manyazi.

Amayi apampando, ndikupempha kuti nkhani ya kathumbaka ikhale yoyamba pa msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo asungichuma abwere ndi buku.