Mankhwala andichiritsa mutu, koma taonani thupi langa

Agogo,

Ndikulemba kalatayi 1 koloko ya usiku, nditangomaliza mkute nditaima kukhitchini mumdima kuti bambo akunyumba asandimve. Madzulo ndinadya bwinobwino, koma njalayi siimva.

Ndine mayi wa zaka 31. Matenda anga sinditchula, mungodziwa kuti chaka chatha ndinagonekedwa chifukwa ndinkamva mawu omwe ena samawamva. Poyamba anandipatsa mankhwala otchedwa haloperidol, khosi linkauma, manja kunjenjemera, mpaka anandisinthira olanzapine. Mawu aja anatha, zoona, ndipo ndinagona tulo. Koma ndinkalemera makilogalamu 58, pano sikelo ya kuchipatala ikuti 83.

Diresi la ukwati wa mng'ono wanga telala analikulitsa kawiri, kachiwiriko akuseka ndi mnzake. Kutchalitchi alamu anga anandigwira pamimba pamaso pa amayi anzanga n'kufunsa kuti ndi ya miyezi ingati. Iwowo ndi amene ankandibweretsera mandasi tsiku lililonse nditatuluka m'chipatala, lero akuti ndine wadyera. Sindikana, ndimadya. Koma ufa wake ndimagula ndekha, ndi ndalama ya tomato wanga.

Chikundiwawa n'chakuti mayi wina yemwe timakhala naye pamzere kuchipatala akumwa mankhwala omwewa chaka chachiwiri, koma ndi wochepa thupi ngati kale. Nditafunsa adokotala anati olanzapine ndi clozapine ndiwo amanenepetsa kwambiri, chifukwa amasokoneza mbali ya ubongo imene imauza munthu kuti wakhuta. Anatinso kunenepako kumasiyana malinga ndi majini amene munthu anatengera kwa makolo, ndipo ndiziyezetsa shuga. Mayi anga ali ndi shuga, ang'ono awo awiri ndi onenepa. Apongozi atangomva mawu oti majini anati ankadziwa kale, tipite kwa sing'anga akawatulutse. Ndinalephera kuwafotokozera kuti awa ndi a m'magazi.

Bambowa samenya, samwa. Anangoti, "Si iwe amene ndinakwatira." Anatero akupesa tsitsi pagalasi, osandiyang'ana n'komwe. Pamene ndinkadwala anali kuti? Chabwino, analipo, ankabwera ndi phala. Koma mawu amenewo sakuchoka.

Tsono ndiulule. Papita masiku 9 ndikudumphitsa mapiritsi, ndimawabisa m'chitini cha mchere. Dzana usiku ndinamva ngati wina akundiitana pawindo, ndipo sindinauze aliyense.

Agogo, ngati ndi zakumtundu, kuchepetsa nsima kungathandize chiyani? Ndingapemphe adokotala andisinthire ena osawaoneka ngati wamwano, nanga ndiwauze kuti ndakhala ndikudumphitsa? Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 6, kodi ndamupatsira zonsezi, mutu ndi thupi lomwe? Ndipo bambowa ndiwayankhe kuti chiyani, poti amene anamukwatira uja ndi yemwe ankalankhula yekha pamsewu?

Ine mayi wosowa mtendere,
Lilongwe