Azithromycin si mankhwala a chimfine

A Mkonzi,

Kuzizira kukayamba kuno ku Mzuzu, munthu akangotsokomola kawiri wathamangira kale azithromycin, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, osaonana ndi dokotala. Chonsecho chimfine chimayamba ndi mavairasi, omwe mankhwalawa sawakhudza n'komwe.

Azithromycin ndi wa banja limodzi ndi erythromycin, mankhwala amene anatuluka mu 1952. Amaletsa mabakiteriya kupanga mapuloteni, koma mabakiteriya ena aphunzira kulavula mankhwalawa kapena kusintha pamalo pamene mankhwalawo amagwira, motero sawagonjeranso. Akatswiri akupanga mankhwala atsopano, inde, koma si zamsanga: telithromycin, mmodzi mwa atsopanowo, atatuluka, zinadziwika kuti amawononga chiwindi mwa odwala ena.

Musaiwale kuti azithromycin yemweyu anatithandiza kugonjetsa matenda a maso a trachoma mu 2022. Chonde a Unduna wa Zaumoyo, letsani ogulitsa mankhwalawa popanda kalata ya dokotala.

Ine wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu