Za kadyetsedwe ka nsomba zoweta m'thanki yagalasi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya nsomba za m'madzi opanda mchere zimene anthu amaweta m'mathanki agalasi, kaya m'nyumba, m'maofesi kapena m'malo olandirira alendo. Munthu akagula thanki amataya nthawi yambiri posankha nsomba zokongola, nyali, timiyala ndi zomera, koma akafika pa chakudya amangotola kabotolo kalikonse kojambulidwa nsomba. Pakatha milungu ingapo amadabwa kuona madzi ada, nsomba zili pamwamba zikupuma mobanika, ina yatupa mimba ndipo yasiya kudya. Ine ndikukhulupirira kuti nsomba zambiri za m'thanki zimafa chifukwa chopatsidwa chakudya chochuluka kapena chosagwirizana ndi chibadwa chake, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa imfa zoterezi n'zopeweka popanda kuwononga ndalama.

Chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti madzi a m'thanki alibe kopita. Mumtsinje kapena m'nyanja zonyansa zimakokoloka n'kusungunukira m'madzi ambiri, pamene m'thanki chilichonse chimene mwaponyamo chimatsala momwemo, chidyedwe kapena chisadyedwe. Nsomba ikagaya mapuloteni imatulutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa nsomba, makamaka kudzera m'ziwalo zimene imapumira za m'mbali mwa mutu, ndipo chakudya chotsala chikamaola pansi chimatulutsanso amoniya yemweyo kwinaku chikutha mpweya wa okosijeni m'madzi. Mu fyuluta yosefera madzi ndi m'timiyala mumakhala mabakiteriya abwino amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula mpweya, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate amene sapweteka msanga ndipo timamuchepetsa posintha gawo la madzi. Mabakiteriya amenewa amatenga milungu ingapo kuti achuluke m'thanki yatsopano, ndipo ali ndi malire a ntchito imene angagwire. Mukathira chakudya choposa mphamvu zawo, poizoni amaunjikana, ndipo nsomba zimayamba kudwala madzi akuoneka oyera.

N'chifukwa chake alimi odziwa amati chakudya chikhale chimene nsomba zingathe kumaliza m'mphindi 2 kapena 3, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo chotsala chichotsedwe ndi kaukonde. Vuto ndi lakuti nsomba zimazolowera msanga munthu amene amazidyetsa, moti akangoyandikira galasi zonse zimathamangira kutsogolo, iye n'kumva chisoni poganiza kuti zafa ndi njala. Kuthamangako sikusonyeza njala ayi. M'chilengedwe nsomba imadya chilichonse chimene yachipeza chifukwa siyidziwa kuti china chidzapezeka liti, ndipo khalidwe limeneli silitha ngakhale ikhale m'galasi moyo wake wonse. Komanso nsomba siyiwotcha chakudya pofuna kutenthetsa thupi monga zimachitira nyama zoyamwitsa, popeza thupi lake limatsata kutentha kwa madzi, choncho imafuna chakudya chochepa kwambiri poyerekeza ndi mbalame kapena mphaka. Madzi akazizira, kagayidwe ka chakudya kamachedwa, ndipo mlingo uyenera kutsikanso. M'nyumba ya anthu ambiri ndi bwino kugwirizana kuti wodyetsa akhale mmodzi, chifukwa aliyense akamaponyamo pang'ono podutsa, pofika madzulo nsomba zimakhala zadya kasanu.

Pa nkhani yosankha mtundu wa chakudya, ndimalangiza anthu kuti ayambe ayang'ana kamwa ya nsomba yawo. Nsomba imene kamwa yake inaloza kumwamba, monga betta ndi guppy, imadyera pamwamba pa madzi ndipo imafuna chakudya choyandama. Imene kamwa yake ili kutsogolo, monga mitundu ya tetra, imagwira chakudya chikumira pang'onopang'ono. Imene kamwa yake ili kunsi, monga Corydoras wa ku South America ndi pleco, imafufuza pansi ndipo imafuna timibulu tomira msanga. Pano ndiyenera kudandaula za mbiri imene inafala yakuti nsomba za pansizi ndi zosesa thanki, ndipo zimakhuta ndi zotsala ndi ndowe za zinzake. Palibe nsomba ya m'thanki imene imakhalira ndowe. Zambiri mwa izi zimawonda mwakachetechete chifukwa nsomba za pamwamba zimamaliza chakudya chisanafike pansi, ndipo popeza pleco amadya usiku, chakudya chake chiyenera kuponyedwa nyali itazimitsidwa.

Koma kamwa yokha siyikwanira, pakuti matumbo nawonso amasiyana, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zimawetedwa m'mathanki padziko lonse chifukwa cha mitundu yake yowala, zambiri zimakhala tsiku lonse zikupala ndere pamiyala pamodzi ndi tizilombo tochepa tobisala m'nderemo. Matumbo ake ndi aatali, oyenera kugaya zomera pang'onopang'ono. Munthu akamazipatsa nyongolotsi ndi chakudya chamafuta ambiri tsiku ndi tsiku, zimadya mosangalala, koma nthawi zambiri mapeto ake amakhala matenda otupa mimba amene oweta nsomba kunja anawapatsa dzina lakuti Malawi bloat. Nsomba imasiya kudya, imatulutsa chimbudzi choyera chonga ulusi, imabisala, ndipo ikafika potupa kuyichiritsa kumavuta. Madzi oipa ndi kuthamangitsana m'thanki kumathandizira matendawa, koma chakudya cholakwika chili m'gulu la zoyambitsa zimene mwini angaziletse lero lomwe. Nsomba zoterezi zimafuna chakudya chokhala ndi ndere ya spirulina ndi masamba. Betta, amene kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, ndi wosiyana kotheratu, chifukwa amadya tizilombo togwera m'madzi ndi mphutsi, ndipo kumusunga m'kabotolo ndi chomera poganiza kuti azidya mizu n'kumuzunza. Goldfish nayenso ali ndi chibadwa chake: alibe chifu chosungira chakudya, moti chimene wadya chimangolowa m'matumbo, ndipo amachita bwino akamapatsidwa pang'ono kangapo, pamodzi ndi masamba ofewa. Pa chifukwa chimenechi, kuphatikiza nsomba zodya ndere ndi zodya nyama m'thanki imodzi n'kudzipatsa ntchito yosatheka, popeza simungauze ina kuti isadye gawo la inzake.

Chakudya chouma chopyapyala ngati timapepala, chimene kampani ya Tetra ya ku Germany inafalitsa m'zaka za m'ma 1950, chinapeputsa kwambiri ntchito yoweta nsomba, ndipo sindikuchinyoza. Ndi chabwino kwa nsomba zing'onozing'ono zodya zosakaniza. Komabe chikanyowa chimataya msanga mavitamini ena m'madzi ndipo chimanyenyeka n'kulowa m'timiyala, choncho kwa nsomba zokulirapo timibulu ndi tabwino kuposa. Wogula aziwerenga zimene zalembedwa kumbuyo kwa kabotolo, pakuti zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri. Ngati poyamba palembedwa nsomba, krill (tizilombo ta m'nyanja yamchere tonga tinkhanu) kapena spirulina, chakudyacho n'chodalirika kusiyana ndi chimene chayamba ndi ufa wa tirigu. Ndiponso kugula chibotolo chachikulu poti n'chotsika mtengo si nzeru kwa munthu wa nsomba khumi, chifukwa chikatsegulidwa mpweya ndi chinyezi zimawononga vitamini C ndi mafuta ake m'miyezi yochepa. Chizisungidwa pouma ndi pozizira, osati pamwamba pa thanki pamene pali nyali yotentha, ndipo chisagwiridwe ndi zala zonyowa.

Kusinthasintha chakudya kumathandiza, ndipo masamba ndiwo osavuta. Nsawawa zobiriwira (peas) zowiritsa zochotsa khungu zimamasula nsomba yodzimbidwa, ndipo kachidutswa ka nkhaka kapena sipinachi wofutsa pang'ono kamakondweretsa pleco ndi mbuna, bola kachotsedwe tsiku lisanathe. Buledi ndi nyenyeswa za patebulo siziyenera kulowa m'thanki.

Zakudya zamoyo zimafuna kusamala kwapadera. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi totchedwa Daphnia ndi Artemia, pamodzi ndi mphutsi zofiira zimene amati bloodworm zimautsa chilakolako cha nsomba ndipo zimathandiza zimene zikukonzekera kuswana, koma zikhale zapatalipatali, osati za tsiku lililonse. Nyongolotsi za tubifex zimakhala m'matope oipa ndipo zingabweretse matenda, moti ine sindingalangize munthu kuti azigwiritse ntchito zili zamoyo. Zogulitsidwa zoumitsidwa m'firiji zimachepetsa chiopsezo, koma zisungunulidwe kaye m'kapu ya madzi a m'thanki, ndipo zikasungunuka zisabwezedwe m'firiji. Palinso amene amadyetsa nsomba zazikulu zolusa ndi tiana ta goldfish tamoyo. Kupatula nkhanza yake, mchitidwewu umalowetsa tizirombo m'thanki, ndipo thupi la goldfish lili ndi chinthu chotchedwa thiaminase chimene chimawononga vitamini B1 mwa nsomba imene yaidya.

Tiana ta nsomba timafuna kudya pafupipafupi, katatu kapena kanayi pa tsiku, chakudya chosalala kwambiri kapena Artemia wongoswa kumene, amene mazira ake amaswa m'madzi amchere pakatha pafupifupi tsiku limodzi, ndipo madzi a m'thanki ya tianato ayenera kusinthidwa kawirikawiri. Nsomba yaikulu yathanzi imatha kukhala sabata yathunthu osadya popanda vuto, ndipo mbuna yaikazi imakhala pafupifupi milungu 3 yosadya kwenikweni pamene ikufungatira mazira m'kamwa. Choncho munthu wopita ulendo wa masiku ochepa asathire chakudya chambiri ponyamuka. Ngati ulendo ndi wautali, agawe chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala tosiyana kuti womusungira asapyole mlingo, kapena ayese makina odyetsera okha kwa masiku angapo iye akadalipo.

Pempho langa likupita kwa ogulitsa nsomba, chifukwa iwo ndi amene amakumana ndi munthu woyamba kumene kuweta. Musanamange thumba la madzi, muuzeni wogula dzina lenileni la nsombayo, ngati imadya ndere, tizilombo kapena zosakaniza, ngati imadyera pamwamba kapena pansi, ndiponso kukula kumene idzafike. Mumuonetse pachikhatho mlingo wa tsiku limodzi, ndipo ngati wasankha mbuna pamodzi ndi nsomba zodya nyama, mukhale ndi mtima womuletsa ngakhale malonda achepe tsiku limenelo.

Ndine wanu,
Woweta nsomba za m'thanki