Wakhuthulira m'sinki mkaka womwe ndinamugulira

Azakhali,

Ndikulemba 2 koloko usiku, chonsecho 7 koloko ndikuyenera kukhala ndili kuntchito, kunyumba yosamalirako okalamba. Tulo sitikubwera.

Ndimakhala ku Leicester, ku England, ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 20. Za bambo ake tisiye. Chaka chatha anasiya nyama, mazira, mkaka, ngakhale uchi, akuti ndi vegan. Ine sindinalimbane naye. Ndinamugulira poto wakewake chifukwa akuti wanga amamveka fungo la nkhuku, poto woti ndimakwecha mpaka zala kuwawa. Ndimamuphikira nyemba, ndimamutendera masamba. Kwathu ku Ntcheu tinkadya soya pieces chifukwa chosowa, lero zasanduka chipembedzo, koma ndinangokhala chete.

Ndiye Lamlungu ndinagula mkaka wa soya wa Alpro. Sunali wotchipa, wotchipawo unalipo pambali pake, ndinasankha dala wabwino. Anangouona n'kuutsegula n'kuukhuthulira m'sinki, pamaso pa mayi wina wakutchalitchi amene anabwera kudzacheza. Akuti Alpro inagulidwa ndi Danone mu 2017, kampani yopanga yogati wa mkaka wa ng'ombe, ndiye ndalama zanga zikukathandiza kuweta ng'ombe zina. Anawonjezera kuti soseji yopanda nyama ija, yomwe inatuluka mu 2019 ku Greggs, shopu yogulitsanso zanyama, nayo ndi nyambo chabe. Ndinali nditamugulira kangapo, ankadya osanena kanthu.

Ndinamufunsa kuti nanga ku Tesco komwe amagulako mphodza zake sagulitsako nyama? Akuti zimenezo n'zosiyana. Zikusiyana pati? Ine ndimaona ngati anthu akamagula zopanda nyamazi, makampani aakuluwo amaona kuti pali msika, n'kumazichulutsa. Nditangofika kuno zinthu zimenezi zinali zosowa m'mashopu. Timakampani tating'ono tomwe iye akufunato mitengo yake ndi ina, ndipo olipira lendi ndine. Ndafufuza pafoni usiku uno: bungwe lawo la Vegan Society analiyambitsa ndi Donald Watson mu 1944, akukhala mu Leicester momwemuno, ndipo ngakhale iwowo amati munthu apewe zanyama mmene angathere. Mmene angathere, Azakhali.

Inenso ndinalankhula zoipa, sindikana. Ndinamuuza kuti akakhuta asamaiwale amene anamudyetsa. Mawu enawo sindingawalembe pano. Chichokereni Lamlungu amadyera kuchipinda kwake.

Koma chikundisowetsa tulo ndi china. Zaka zija mapepala anga asanalongosoke ndinagwirapo ntchito mufakitale yankhuku, usiku, m'chipinda chozizira. Iye amadziwa kuti ndinkakolopa m'maofesi. Yunifomu yake yoyamba, nsapato, zonse zinachokera kumeneko. Ngati mkaka wopanda kanthu kalikonse ka ng'ombe ukuipa chifukwa cha mwini wake, nanga ine ndidzakhala chiyani akadzadziwa? Mayi wakutchalitchi uja anangoyang'ana pansi, kenako n'kutsanzika msanga. Panopa tchalitchi chonse chamva, ndikudziwa.

Ndiuzeni, kodi mwanayu akunena zoona, kugula kumakampani otereku n'kulakwa? Ndisiye kumugulira chilichonse azidzionera yekha? Ndiyambe ndine kupepesa, pomwe wotaya chakudya ndi iyeyo? Nanga zafakitalezi ndimuuze, kapena ndife nazo?

Mayi wosowa mtendere,
Leicester