Ukabwera December tidzayende limodzi

Aise Chifundo,

Ndikhulupilira muli bwino nonse ku Mangochi kumeneko, alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, ntchito ikuyenda bhobho. Paja unandifunsa pa foni kuti zaka 6 zonsezi ku Cape Town ndaonako chani kupatula kuntchito ndi kunyumba, funso lija linandikhala mumtima chifukwa zoona phiri la Table Mountain ndimangoliona pa windo la basi m'mawa ndi madzulo. Ndiye mwezi wathawu ndinatenga ma off anga nkuyamba kuyenda.

Ndinayamba ndi Table Mountain, ndinakwera wapansi kudzera njira ya Platteklip Gorge, masitepe a miyala okhaokha mpaka pamwamba, ndinatha maola awiri ndi theka miyendo ikunjenjemera. Silalitali ngati Mulanje wathu, Sapitwa paja ndi mamita 3,002 pomwe ili langopitilira pang'ono 1,000, koma poti layambira m'mbali mwa nyanja penipeni ukafika pamwamba tauni yonse ili pansi pako, doko, masitima, Lion's Head, zonse. Potsika ndinakwera cable car, yakhala ikunyamula anthu kuyambira 1929, pansi pake pamazungulira ndiye aliyense amaona mbali zonse osasuntha, mphindi 5 wafika. Koma mphepo ikakula amatseka, ndipo mtambo ukakuta phiri suona kanthu, juzi udzatenge ngakhale kukhale kotentha.

Kumene kunandikhudza kwambiri ndi ku Robben Island. Boti timakwerera pa Waterfront, mafunde ake si a nyanja yathu ija ayi, ena anadwala m'njira. Amene anatiyendetsa m'ndendemo ndi bambo woti anamangidwapo momwemo nthawi ya tsankho, amalankhula mosathamanga, akuloza pomwe ankagona, tonse tinangoti zii. Kachipinda ka Mandela ndikakang'ono aise, munthu wamtali ngati uja kugona pansi pa kamphasa ndi mabulangete, chidebe pakona, ndipo pachilumbapo anakhalapo kuyambira 1964 mpaka 1982, zaka 18 mwa zaka 27 zomwe anakhala m'ndende. Anatitengeranso pomwe ankaswa miyala ya laimu, kuwala kwa miyalayo ndikumene kunamuononga maso, komanso kanyumba komwe anatsekeramo Robert Sobukwe, mtsogoleri wina wolimbana ndi tsankho, yekhayekha osaloledwa kucheza ndi akaidi anzake. Chomwe chimapweteka nchakuti ukaima pachilumbapo tauni ukuiona bwinobwino ndi phiri lake, pafupi chonchi koma osafikako. Ine maganizo anapita kwa amalume aja ankatiuza za Mikuyu tili ana, sindinayankhule ndi munthu mpaka tinatsika boti.

Tsiku lina ndinakwera sitima yolowera ku Simon's Town, ukadutsa Muizenberg njanji imayenda m'mphepete mwa madzi mwenimweni moti mafunde amachita ngati alowa pa windo. Ndinatsikako pa Kalk Bay kudya nsomba ya snoek ndi chips, ndiyokoma koma minga yake italiitali, singafike pa chambo ndikuuze. Ku Boulders Beach kuli ma penguin, timbalame toyenda chilili ngati tianthu tovala suti, sitiuluka koma m'madzi ndi liwiro, ana ako akadzaona zithunzi sadzagona. Ndinafika mpaka ku Cape Point, kumeneko anyani ake saopa munthu, chakudya osachionetsa, mayi wina anamulanda jumbo ine ndikuona. Anthu ambiri amati nyanja ziwiri zimakumana pamenepo koma ayi, Atlantic ndi Indian zimakumana ku Cape Agulhas, kutsogolo ndithu chakum'mawa.

Zosamba usayembekezere ngati pa Cape Maclear, madzi a ku Camps Bay ndi ozizira ngati otuluka mu filiji komanso amchere, ndinangoviika mapazi nkutuluka. Mbali ya Muizenberg ndiye ofundako pang'ono, tidzasambe kumeneko.

Undiuze msanga tsiku lomwe unyamuke kuti ndigulire matikiti a Robben Island, December amatha masiku akadali kutali. Pasipoti uyionenso ngati siinathe. Ndipo chonde usadzaiwale usipa wouma ndi kambuzi, ndazisowa zedi. Upereke moni kwa amayi, uwauze ndawatumizira zithunzi pa WhatsApp ya alamu.

Ndine mnzako,
Yamikani