Momwe anaboolera phiri la Rohtang

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse mukudzuka bwino kumeneko. Kuno tilipo. Funso lanu lija, loti msewu amaudutsitsa bwanji pansi pa phiri lomwe limakwiririka ndi sinowo theka la chaka, ndiliyankha potengera ngalande ya Atal ya ku India, poti mavuto onse a ntchito yotereyi anaonekera pamenepo.

Ngalandeyi ili m'dera la Himachal Pradesh, pansi pa mpata wa Rohtang, pa msewu wochoka ku Manali kupita ku Leh. Mpatawo uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,980, ndipo sinowo ikagwa anthu a m'chigwa cha Lahaul ankatsekeredwa kuseriko kwa miyezi pafupifupi 6. Ngalandeyo ndi yotalika makilomita 9.02. Khomo lake la kummwera lili pa mamita 3,060, la kumpoto pa 3,071, moti galimoto ikamayenda mkatimo imakhala pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa. Kukumba kunayamba mu 2010 pansi pa bungwe la boma la Border Roads Organisation, makontilakitala ali Strabag ndi Afcons. Okumba a mbali ziwirizo anakumana mu Okutobala 2017, ndipo msewu unatsegulidwa pa 3 Okutobala 2020.

Ntchito imayambira panja. Khomo la ngalande saliika pena paliponse, chifukwa sinowo ikagumuka m'phiri imatsata makwawa omwewo chaka ndi chaka, ikukokolola miyala ndi mitengo. Akatswiri amayamba alemba njira zimenezi pa mapu, kenako n'kusankha malo otetezeka. Pomwe msewu wopita kukhomo sungathe kulambalala khwawa lotero, amaumangira denga la konkire lotsetsereka kuti chigumukirecho chidutse pamwamba. Ku Rohtang khomo la kumpoto linali lovuta kwambiri: simenti, zitsulo, mafuta ndi anthu zinkayenera kukwera mpata womwewo umene ankafuna kuuzemba. Nyengo yozizira ikafika, ntchito ya mbali imeneyo inkaima.

Mkati anagwiritsa ntchito njira yoboola ndi kuphulitsa, potsata ndondomeko yokumba pang'onopang'ono n'kumachirikiza thanthwe, yomwe amisiri amaitchula kuti NATM (New Austrian Tunnelling Method). Chimakina chachikulu chozungulira choboolera ngalande chimathamanga thanthwe likakhala lofanana, koma mapiri a Himalaya ndi ofinyika ndiponso osweka, ndipo makina otero akhala akukanirira m'ntchito zina za kumeneko. Kuphulitsa kumachedwa, komabe kumakupatsani mpata woti muone thanthwe tsiku lililonse ndi kusintha zochita.

Sakumba bowo lonse nthawi imodzi. Amayamba ndi theka lakumwamba, theka lakumunsi likutsatira m'mbuyo, pansi pake n'kumalizira. Makina a mikono iwiri kapena itatu amaboola mabowo ambirimbiri pankhope ya thanthwe. M'mabowomo amaikamo zophulitsira zomwe siziphulika pamodzi: zapakati zimayamba kuti zitsegule mpata, zam'mphepete zimamaliza kuti khoma lituluke losalala. Akaphulitsa amadikira mafani atulutse utsi, matipa achotse miyala, ndipo wina amagogoda denga kugwetsa zidutswa zolendewera. Apa m'pamene pamafunika changu. Thanthwe longovulidwa kumene limayamba kumasuka, ndiye amalipopera konkire wouma msanga, kuika waya wolukana ndi zitsulo zokhota ngati uta, n'kukhomera mabawuti a mamita angapo m'thanthwemo kuti miyala yakunja igwirane ndi yamkati. Thanthwe likakhala labwino, kuphulitsa kumodzi kumapita mamita atatu kapena kuposerapo. Likakhala loipa, mita imodzi imakhala yambiri.

Chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa ndi chakuti phiri limayenda. Amakhoma tizizindikiro padenga ndi m'makoma, n'kumayeza tsiku ndi tsiku kuti makomawo ayandikirana ndi mamilimita angati. Kuyendako kukamachepa, zinthu zili bwino. Kukamakula, amawonjezera mabawuti kapena kutseka pansi mwachangu kuti ngalande ikhale mphete yathunthu. Ine ndimaona kuti munthu woyeza uja ndi wofunika kuposa woyendetsa makina alionse, chifukwa denga lisanagwe limayamba lanena m'manambala akewo.

Tsono tifike pa Seri Nala, pomwe ntchito inatsala pang'ono kulephereka. Seri Nala ndi mtsinje wodutsa pamwamba pa ngalandeyo cha kummwera, ndipo pansi pake pali mng'alu waukulu pomwe thanthwe linaperedwa mpaka kusanduka miyala yosakanikira ndi matope. Sinowo ikasungunuka, madzi ake amalowa mumng'alumo. Okumba atafika pamenepo, nkhope ya ngalande inkangokhuthuka ngati phala, madzi akutuluka malita masauzande pa mphindi iliyonse, matope n'kukwirira pomwe anali atakumba kale. Kachigawo ka mamita 587 kokha kanadya zaka pafupifupi 4.

M'malo otere konkire wopopera sagwira, amangokokoloka ndi madzi. Choyamba ndi kuchotsa madziwo mphamvu: amaboola mabowo aatali kutsogolo kuti madzi atuluke mwa dongosolo m'mapaipi, m'malo mophulika pankhope. Kenako amakhoma mapaipi achitsulo moyandikana kuzungulira denga, kuloza kutsogolo, n'kupoperamo simenti yamadzi kuti ilowe m'miyala yosweka ndi kuimanga pamodzi. Mapaipiwo amakhala ngati ambulera, ndipo anthu amakumba pansi pake pang'onopang'ono, kagawo kamodzi n'kukachirikiza asanakhudze kena. Asanafike kumapeto kwa ambulera yoyamba amakhoma ina yolowana nayo. Wofulumira pamenepa amabwerera m'mbuyo miyezi ingapo.

Phiri likakhazikika, amayala nsalu yokhuthala yotsogolera madzi pansi, pamwamba pake pepala la pulasitiki losalola madzi, kenako khoma lomaliza la konkire. Msewu amaupendeketsa pang'ono kuti madzi aziyenda okha kutuluka kukhomo. Pafupi ndi makomo m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa madzi akaundana mupaipi amaitseka, ndipo akaundana m'ming'alu ya konkire amakula n'kumusweratu. Konkire amene sanaume nayenso amaonongeka akaundana, n'chifukwa chake kozizira amatenthetsa madzi osakanizira ndi kufunditsa pomwe athira. Musaiwalenso kuti pamtunda wa mamita 3,000 mpweya ndi wopepuka: munthu amatopa msanga, injini ya dizilo imachepa mphamvu n'kumafuka utsi wambiri.

Ngalande yomalizidwayo ndi imodzi, ya mizere iwiri, msewu wake mamita 8 m'lifupi, ndipo anaikonzera magalimoto ang'onoang'ono 3,000 ndi malole 1,500 pa tsiku, pa liwiro losaposa makilomita 80 pa ola. Choopsa chachikulu m'ngalande yaitali ndi moto, makamaka utsi wake. Choncho pansi pa msewu womwewo anamangamo kanjira kothawira ka mamita 3.6 m'lifupi ndi 2.25 msinkhu, kolowera pa mamita 500 alionse. Mpopi wozimira moto uli pa mamita 60 alionse, foni pa 150, kamera pa 250, ndipo malo otembenuzira galimoto pa makilomita 2.2 alionse. Ulendo wochoka ku Manali kupita ku Leh unafupika ndi makilomita 46 komanso maola 4 kapena 5.

Koma ngati mukulingalira zokafika ku Leh nyengo yozizira, dziwani kuti ngalandeyi inatsegula Lahaul yekha. Kutsogoloko kudakali mipata ina yaitali kuposa Rohtang, monga Baralacha La ndi Tanglang La, ndipo sinowo imautsekabe msewu kumeneko.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine bwenzi lanu.